Chikwama cha Che Hemedi

Chaka cha 1978 mu Lusaka munalibe sopo, munalibe mafuta ophikira, ndipo buledi ankamupeza ndi okhawo amene anali ndi mbale wawo kuseri kwa sitolo. Koma anthu opusa chifukwa cha chikondi sanasowe. Mmodzi wa iwo anali Abson Njobvu, mnyamata wa ku Katete, Mkatolika, amene ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Kabwata.

Abson ankafuna kukwatira Shamsia, mwana wamkazi yekhayo wa Che Hemedi, telala wachiyao amene anachoka ku Mangochi dziko lino lisanalandire ufulu. Kawiri konse Abson anatumiza mawu, ndipo kawiri konse mawuwo anabwezedwa. Anafika polonjeza kuti adzalowa Chisilamu, mayi ake nalira sabata yathunthu, koma Che Hemedi anangoti, "Pakamwa aliyense amalowa. Ndione kaye mtima wake." Pambali panali Omali, msuweni wa Shamsia, wogulitsa nsapato m'tauni, amene abale onse ankamuwerengera kale ngati mkamwini.

Makalata a awiriwa ankayenda ndi Imelda. Mtsikanayu ankaphunzira kutayipa limodzi ndi Shamsia ku Longacres, ndipo ndi amene anawadziwanitsa. Chimene Shamsia sankachidziwa bwino n'chakuti Abson anayenda ndi Imelda zaka ziwiri, kuchokera ku kwaya mpaka pa basi ya ku Chelstone Lamulungu lililonse. Anamusiya popanda mawu, kenaka n'kumusandutsa wamtengatenga wa makalata. Abson ankati Imelda ali ndi mtima wabwino. Anyamata amaganiza choncho za mkazi aliyense amene sanawatukwane.

*

Unali mwezi wa Ramazani, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Masana ena Abson anapeza Shamsia atakhala pa udzu wouma kuseri kwa sukulu yotayipa. Milomo yake inali youma chifukwa cha kusala. Abson anabisa chinangwa chake chowotcha m'thumba la jekete.

"Idya, usavutike," anatero Shamsia. "Fungo lake lakutsogolera kale."

"Ndikuyeserera kusala."

"Ndi chinangwa m'thumba? Mulungu akuthandize." Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Mvera, Abson. Chikwama cha ndalama cha Ababa chatha. Amachimanga ndi labala. Dzulo pa geti la msika khadi lawo lachipani linagwera m'fumbi, anyamata achipani aja anawaseka, munthu wamkulu akutolera timapepala pansi. Idi yatsala masabata atatu."

"Ndikawagulire china?"

"Kugula? Omali angawagulire khumi lero lomwe. Iwe uli ndi manja. Ababa ndi munthu wa singano, sakhulupirira mawu. Ukawapatsa malaya amawatembenuza n'kuona msoko. Uwapangire chinthu choti akachigwira adziwe kuti ndiwe munthu wotani."

Abson anayamba kale kujambula pa fumbi ndi kamtengo.

"Ndiikapo nkhwazi itatambasula mapiko."

"Ayi! Usajambulepo mbalame, nyama kapena munthu. Chikwama chimakhala m'thumba mwawo akamaswali. Jambula masamba, maluwa, zotero. Ndipo chikopa chikhale cha ng'ombe kapena cha mbuzi. China ayi."

"China chiti? Cha ng'ona?"

"Ukudziwa chimene ndikunena. Sindichitchula ndili pa kusala."

"Ndamva, mayi."

"Ndikunenetsa, Abson. Mwayi wachitatu ndi umenewu. Wachinayi kulibe."

*

Ntchito ya zikopa Abson anaiphunzira kwa Bulaza wina wa ku mishoni, asanasiye sukulu. Zitsulo zogula analibe. Zake zinali misomali ikuluikulu imene anaipala mitu ndi tupa: wina wophwatalala, wina wozungulira, wina wa timizere topingasa.

Anali ndi chikopa chabwino cha ng'ombe chimene anachisunga kwa nthawi yaitali. Anachidula, nachinyowetsa ndi kansalu, n'kudikira mpaka mtundu wake utayamba kubwerera. Anachigunditsa patsaya. Chikazizira popanda kunyowetsa tsaya, ndiye kuti chakonzeka. Chonyowa kwambiri chimameza chithunzi, chouma chimakana chitsulo.

Anasankha mtengo wa dzungu woyanga, masamba ake ndi timiyendo take topotana, ukuzungulira chilembo cha H pakati. Anajambula pa pepala la thumba la simenti, nadindiza pa chikopa ndi msomali wobuntha, kenaka anatsata mizereyo ndi kampeni, kudula theka la kukhuthala kwake basi. Atatero anaika chikopacho pa mwala wosalala n'kuyamba kugogoda. Msomali wophwatalala unkatsitsa mbali imodzi ya mzere kuti tsamba litukuke, wa timizere unkapondereza malo opanda kanthu kuti ade. Masabata awiri anthu obweretsa nsapato ankabwerera akung'ung'udza.

Pamene kunja kwa chikwamacho kunatha, ngakhale amayi ogulitsa tomato ankabwera kudzaona. Masamba aja ankaoneka ngati ungawathyole.

Vuto linali mkati. Kuseri kwa chikopa cha ng'ombe n'kokhakhala, ndipo mabala a zitsulo amaonekera. Pamafunika chikopa china chopyapyala chophimbira. Abson anayenda ku Kamwala, ku Luburma, mpaka kwa osoka mipando ku Northmead. Yankho linali limodzi ngati la sopo: kulibe. Idi inatsala masiku awiri.

Tsiku limenelo Imelda anafika ndi kalata ya Shamsia ndi kaphukusi ka nyuzipepala.

"Shani, ba Abson? Positi ofesi yafika," anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni, akuponya kalatayo pa mwala. "Mwakwinya nkhope monga bakufelani. Ni chani?"

Abson anamufotokozera.

"Namvela kudala kuti musakila chikopa tauni yonse. Onani ichi. Ba mami basebenza ku Kabulonga, bazungu babo babwelela kwao. Madamu anasiya jekete yong'ambika. Nadulako kumsana."

Abson anatambasula chikopacho. Chinali chofewa ngati nsalu, chopyapyala bwino, chokwanira ndendende. Anachikweza kudzuwa. Pankhope pake panali timabowo ting'onoting'ono, titatu pamodzi, titatu pamodzi, ponseponse. Bulaza uja ankaphimbira mabuku a nyimbo ndi chikopa chamtundu umenewu. Abson sakanachisokoneza ndi china ngakhale atatseka diso limodzi.

"Ichi ndi cha nkhumba, Imelda."

"Manje? Bazachidya?"

"Shamsia anandiletsa."

"Imwe ba Abson, mudya nkhumba kuchokela muli mwana. Pa Kilisimasi munanyambita na mbale kunyumba kwathu. Lelo mwayamba kuyopa chikopa chake?" Anatola chikwama chosathacho n'kupalasa kuseri kwake ndi chikhadabo. "Olo pelekani so chabe, mukati monga lilime ya ng'ombe. Omali aseke bwino."

Abson anayang'ananso timabowo tija.

"Ndani ayangana mukati? Mudala uja maso yake yanasila na singano."

Imelda anatambasula dzanja ngati akuchitenga. Abson anachigwira.

Anachitembenuza. Nkhope ya timabowo ija anaipaka guluu n'kuimatiza ku chikopa cha ng'ombe, mbali yaubweya n'kukhala kunja. Mbaliyo anaipaka utoto wakuda kawiri. Anaboola m'mphepete monse, nasoka ndi singano ziwiri ndi ulusi wopaka phula, msoko wowongoka ngati wa makina. Mumtima ankati lamulo lawo ndi la kudya, osati la kusoka. Ankadziwa kuti akudzinamiza, chifukwa munthu wosalakwa satembenuza chikopa.

Imelda anakhala pa benchi ya makasitomala mpaka mfundo yomaliza.

"Mwachenjela, ba Abson," anatero. "Sin'nazibe kuti mwachenjela so."

*

Chikwama chinafika kwa Che Hemedi tsiku la Idi. Patatha masabata atatu, Imelda anabweretsa kalata iyi:

"Wokondedwa Abson, Ababa sakusiyana nacho chikwama chako. Tsiku loyamba anachitembenuza kanayi, anawerenga msoko ndi chala, anati mnyamata ameneyu sathamangira ntchito. Achionetsa kwa anzawo onse a kumzikiti. Ndipo mvera ichi. Ali ndi kapepala ka mawu opatulika kamene malemu bambo awo anawalembera tsiku lochoka ku Mangochi. Zaka zonsezi kamakhala m'bokosi. Tsopano akaika m'chikwama chako. Dzulo anati, uwauze abwere ndi ankhoswe awo Lamulungu masana, tidzamve. Abson, anati tidzamve! Uvale jekete ya buluu ija, ndipo usalankhule usanafunsidwe. Ndine wako, Shamsia."

Abson anaiwerenga katatu. Pa mawu a kapepala aja anaima kaye, koma anapinda kalatayo n'kupita kukauza amalume ake, a Amock, amene ankagwira ntchito ya umesenjala ku maofesi a boma.

*

Loweruka m'mawa Imelda anaima pa tebulo la nsapato la Omali m'tauni. Anatola nsapato ya chidendene chachitali n'kuiyang'ana mbali zonse.

"Imeneyo siingakukwaneni, achemwali," anatero Omali. Ankamudziwa kuti ndi mnzake wa Shamsia ndipo sankamukonda.

"Sinigula. Nifuna chabe kufunsa. Nimaona imwe Basilamu mukalibe kugula nsapato muyangana mukati. Musakila chani?"

"Timabowo titatu. Chikopa cha nyama ija amakonda kuphimbira nacho mkati."

"Oho. Nanga munthu akachipindamula, timabowo tikhale kumbuyo?"

Omali anamuyang'ana.

"Mukufuna kunena chiyani?"

"Ine? Palibe. Nimvela chabe ati mailo, Lamulungu, kuli balendo kwa ba malume banu. Ati chikwama chinabakondwelesa maningi." Anabweza nsapato ija pamalo pake bwinobwino. "Muzinkhala na lezala m'thumba, ba Omali. Imathandiza."

*

Lamulungu masana Abson ndi a Amock anavula nsapato pakhomo la Che Hemedi. M'chipinda chochezera munali Che Hemedi atavala mkanjo woyera, mkulu wina wa kumzikiti, ndi Omali atatsamira khoma. Shamsia anabweretsa tiyi atafunda kumutu, nagwada, n'kubwerera kuseri kwa chitseko kumene kunali mayi ake.

A Amock analankhula bwino. Anati mwana wawo ndi wamasiye wa bambo, samwa, sasuta, ndipo za chipembedzo wavomera yekha popanda womukakamiza. Che Hemedi ankagwedeza mutu.

"Ine ndinali wouma mtima pa nkhaniyi, a Amock, sindibisa," anatero. "Koma ntchito ya munthu siinama. Taonani ichi." Anatulutsa chikwama chija m'thumba la mkanjo. Chinali chitayamba kale kuwala chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Amalume, tandibwerekani," anatero Omali mwaulemu. "Ine sindinachigwirepo. Nanenso ndine wa zikopa, ndiphunzireko."

Anachilandira ndi manja awiri. Anayamikira masamba, anayamikira chilembo. Kenaka anachitsegula n'kusisita mkati ndi chala chachikulu.

"A Njobvu, mundiphunzitse. Ine ndimadziwa kuti chikopa chamkati amachiika nkhope yosalala kunja, kuti ndalama zizitereramo. Inu mwaika ubweya kunja. Ndi luso la ku Katete?"

Omali sanadikire yankho.

"Ndiponso mwachidetsa ndi utoto. Mwina chinali ndi zipsera?"

"Omali, alendo awa," anatero Che Hemedi.

"Pepani, amalume. Misoko isanu yokha. Ngati ndalakwa ndidzagwada pamaso pa a Njobvu pompano."

Lezala inali kale m'dzanja. Anadula ulusi pakona, nalowetsa chikhadabo, n'kukoka. Guluu analira pang'ono. Omali anapita nacho pawindo, nachipinda kuti kuwala kugwere pa chikopa chosendekacho, ndipo anaitana mkulu wa kumzikiti uja. Mkuluyo anayang'ana kamodzi n'kubwerera m'mbuyo akupukuta manja pa mkanjo, ngakhale sanachikhudze.

Che Hemedi anavala magalasi awo osokera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndi zala ziwiri anasolola kapepala kachikasu kopindidwa kanayi, nakagwira m'mwamba ngati sakudziwa pokaika.

"Lachisanu katatu," anatero motsitsa. "Ndaima pamaso pa Mulungu Lachisanu katatu, mzere woyamba, chinthu ichi chili pachifuwa panga. Ndachigwiritsa Shehe. Ndaikamo zolemba za dzanja la bambo anga." Anatembenukira kwa Abson. "Mnyamata, unadziwa?"

Chitseko chinatseguka. Shamsia analowa mothamanga nagwada pakati pa chipinda.

"Ndine, Ababa! Ndine ndinamupatsa. Anasowa chikopa chamkati, ine ndinachipeza pa zovala zakale kumsika. Ndinamuuza kuti ndi cha mbuzi. Ndine ndinati aike mbali yofewa kunja. Iye sadziwa kanthu."

Mtsikanayo ankaganiza kuti bambo ake amukalipira, mwina kumumenya khofi, nkhani n'kutha. Sanawerengere bwino.

"Iwe?" anatero Che Hemedi. "Iwe amene ndinakuphunzitsa kuyang'ana mkati mwa nsapato uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi? Mlendo angalakwitse. Iwe sungalakwitse. Unaona timabowo."

"Sindinayang'ane bwino, Ababa."

"Unayang'ana mpaka kudziwa mbali yoti ibisike."

Shamsia anazindikira pamenepo dzenje limene anadzikumbira, koma sanabwerere. Anangoweramitsa mutu.

Che Hemedi anayang'ananso Abson.

"Ndi zoona zimene akunenazi? Anakupatsa ndi iyeyu?"

A Amock anamuyang'ana mphwawo. Omali ankamwetulira, chifukwa kwa iye yankho lililonse linali labwino. Mawu amodzi okha akanachotsa mtsikanayo pansi paja. Abson anayang'ana mkeka.

"Ndi zoona, bambo."

Che Hemedi anapuma mozama.

"A Amock, mwana wanu alibe mlandu. Wakunja sangadziwe za m'nyumba ya eni. Koma mwaona nokha chimene mwana wanga wasanduka asanalowe n'komwe pakhomo panu. Wafika podetsa bambo ake kuti apeze mwamuna. Nkhani yanu yathera pano." Anatembenuka. "Omali, mwana wa mlongo wanga, ukadamufunabe?"

Omali anachita ngati akuganiza.

"Anthu alankhula, amalume. Koma ndi magazi athu. Tingamutaye kuti? Ndimutenga momwe alilimu."

"Mwezi uno usanathe. Kusukulu kwatha, pageti satulukanso." Analoza chikwama chimene Omali anachiponya pansi. "Shamsia, tola chinthu chako. Ndi manja. Mbaula ili kuseri."

Shamsia anachitola. Podutsa pafupi ndi Abson anamuyang'ana, ndipo m'maso mwake munalibe mkwiyo. Ankamulimbitsa mtima. Pamene alendo ankavala nsapato pakhomo, fungo la chikopa chopserera linali litadzaza bwalo lonse, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anali atatuluka kudzaonerera.

*

Abson ndi amalume ake anayenda mpaka pa msewu waukulu. Pamenepo a Amock anaima.

"Bulaza uja anakuphunzitsa zaka zingati?"

"Zitatu, amalume."

"Zaka zitatu. Ndipo sudziwa chikopa cha mbuzi."

A Amock anapukusa mutu.

"Sindikukufunsa kanthu, mphwanga. Sindifuna kudziwa. Ine ndapereka makalata a anthu akuluakulu zaka makumi awiri, ndaona amuna akugwetsa anzawo kuti asunge mpando. Koma aja amagwetsa amuna anzawo." Analavula m'ngalande. "Usadzanditumenso kwa munthu aliyense."

Anawoloka msewu okha.

*

Lachiwiri la sabata yotsatira Imelda anafika pakhonde paja atavala diresi yatsopano. Iye yekha ndi amene ankaloledwa kulowa kwa Che Hemedi, poti ankathandiza kusoka zovala za ukwati. Envelopu imene anatulutsa inali yotsegula kale.

"Inatseguka yeka m'basi," anatero. "Belengani."

Kalatayo inalembedwa ndi pensulo, mothamanga.

"Abson, usadandaule za ine. Ndinanama chifukwa ndikudziwa kuti wina anakunyenga kumsika, ndipo Ababa sakanakukhulupirira. Unachita bwino kuvomera, ukanatsutsa tikanapezeka abodza tonse. Palibe amene akundilankhula m'nyumba muno. Mbale yanga aipatula. Ukwati ndi Lamulungu. Loweruka m'mawa amayi akupita nane kumsika kukagula nsalu yakumutu, ndidzawazemba. Ukandidikire pa siteshoni, tikwere sitima ya ku Kitwe. Ndikusiya bambo, mayi ndi dzina langa. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Omali akuti wosoka zikopa sangalephere kudziwa. Mawu akewo akundisowetsa tulo. Undilembere ndi dzanja lako, m'dzina la Mulungu, kuti sunadziwe. Ndikaona zimenezo ndibwera."

Abson anakhala pa mpando wake wosokera, kalata ili pabondo. Imelda anatsegula kachikwama kake natulutsa pepala loyera la kusukulu yotayipa ndi bolopeni.

"Nabwela navo. Lembani, nthawi ikuyenda."

"Imelda, iwe unalipo."

"Ine? N'nali kuyangana tomato."

Abson anamuyang'ana kuti aone ngati akuseka. Sankaseka. Anaika pepalalo pa mwala uja n'kulemba pang'onopang'ono, monga amalembera anthu amene sukulu anaisiyira panjira. Analumbira m'dzina la Mulungu kuti sanadziwe. Anati Loweruka adzakhala pa siteshoni kusanatenthe. Anasaina dzina lake lonse.

Imelda anawerenga, napinda pepalalo kanayi, n'kulilowetsa m'kamisolo.

"Zikomo, Imelda. Sindidzaiwala zimene wandichitira."

"Awe, simuzaibala zoona." Anakhala pa benchi napingasa miyendo. "Miyezi eyiti, ba Abson. Miyezi eyiti nanyamula makalata yanu. Wokondedwa, wokondedwa. Ku ine munalembapo olo kamozi? Munanisiya pa basi ya ku Chelstone monga thumba ya malasha, mailo yake mwanituma kuli munzanga. Munaganiza nilibe mtima?"

Pamenepo m'pamene Abson anamvetsa za lezala ya Omali.

"Ndiwe unamuuza."

"Nine n'napindamula chikopa? Nine n'napaka utoto? Nine n'nakamba ati ni zoona, bambo, mwana wa bene ali gwadile pansi?" Anagwira pachifuwa pamene panali pepala. "Manje mwalumbila na Mulungu. Vonse mwachita mweka, ine nimangonyamula."

"Ukufuna chiyani?"

"Ba mami banu na ba mami banga bakambisana kudala. Pa Chibelu m'mawa, Loweluka yamene iyi, bazabwela kwathu ku Chelstone kukanipempha. Kwasala imwe chabe. Mukabwela, pepala iyi nizaishoka pa moto, Shamsia azakwatiwa na Omali akali kuganiza ati ndimwe munthu wabwino. Azakulilani na kukulilani. Muniyankhe Chisanu chikalibe kufika. Mukasankha siteshoni, nizafika kuli Shamsia pa Chisanu. Nizamupatsa pepala, abelenge bwino, asekelele. Akasiliza nizamuuza vonse vamene n'naona pa benchi ino, kuyambila pamene munachikweza kuzuba. Olo mwina nizayamba na ba Hemedi."

"Sangakukhulupirire."

"Jekete ya madamu ikali kunyumba, na chibowo kumsana. Mukumbukila mwamene chinakwanila bwino?"

Anaimirira nakonza diresi yake. Mayi wina anafika ndi nsapato ya mwana yoduka lamba, ndipo Imelda anamupatsa moni mwaulemu n'kumusiyira malo pa benchi.

"Muvale jekete ya buluu," anatero. "Ba tate bakonda munthu waudongo."

Abson anaimirira, nsapato ya mwana ija ili m'manja, n'kumuyang'ana akupita. Kwa Che Hemedi kunali kumanzere, kuseri kwa msika, kumene Shamsia ankadikira yankho pawindo. Imelda anakhotera kumanja, kokwerera basi.